Thobwa la Lakisoni

Abusa, akuluakulu, ndi inu nonse anzanga amene mwabwera masana ano, zikomo pondipatsa mpata. Dzina langa ndine Esinati Mbewe, kwathu ndi ku Bowe. Ena mwa inu mukundidziwa bwino, chifukwa tinkakumana kuseri kwa msika wa Mponela konkuno, ndipo sitinkakumanirana mapemphero. Achimwene mwakhala kukhomoko mukuyang'ana pansi, musaope, sindikutchulani. Dzina limene nditchule lero ndi limodzi lokha, ndipo mwini wake mulibe muno.

Ndikuuziretuni kuti umboni wangawu si wofewa. Ndamva anzanga akunena kuti anasiya mowa atalota maloto, ena atamva nyimbo ya kwaya. Ine ndinasiya chifukwa cha chakukhosi. Abusa anandipempha kuti ndinene zoona, ndiye ndinena zoonazo.

Ababa anga anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo. M'nyumba mwathu mowa sunalowemo, ngakhale fungo lake sindinkalidziwa. Nditakhoza fomu folo ndinamva kuti a njanji akufuna achinyamata oti aphunzitsidwe ntchito ya zizindikiro za sitima. Mwina ena simukuidziwa ntchitoyi. Sitima si minibasi. Ilibe chiwongolero, dalaivala sangakhote kuti azembe chinthu, ndipo ikalemera siima msanga. Amene amaiuza kuti pita, ima, lowa njanji iyi, ndi munthu wa pa siteshoni. Iyeyo ali ndi mbendera yofiira ndi yobiriwira, wayilesi, ndi mapoyinti, zitsulo zija zimene zimapatutsa sitima kuchoka pa njanji ina kupita pa ina. Ndinaikonda ntchitoyi ndisanaione n'komwe.

Mumpingo mwathu tinatengedwa awiri, ine ndi Lakisoni. Tinakulira limodzi, kwaya imodzi, ndipo ndinkamutcha achimwene. Anatitumiza kummwera kukaphunzira. Kumeneko anatiyeza maso ngati timasiyanitsa mitundu, anatiyeza makutu, kenako anatipatsa malamulo oti tiloweze mpaka mutu kuwawa. Ine zinkandilowa msanga. Lakisoni zinkamuvuta, ndipo ndine ndinkakhala naye pansi kumubwerezera. Maphunziro atatsala pang'ono kutha, tinamva kuti malo ndi ochepa, ndipo kuchigawo chathu kuno atenga mmodzi.

Lamulo la kunjanji ndi lakuti m'mawa uliwonse, usanaponde pabwalo la sitima, umauzira mpweya m'kamakina koyezera mowa. Ine ndinkangouzira ndikuseka. Tsiku la mayeso omaliza, Lakisoni anandipeza ndikumanga nsapato, atanyamula chigubu.

"Achemwali, amayi atumiza thobwa pa basi, la mawere, la kwathu lenileni. Imwani mulimbe m'mawondo."

Inu mukudziwa, mwana wa mkulu wa mpingo angakane zonse, koma thobwa sakana. Thobwa timamwa paukwati, pamaliro, ngakhale pamsonkhano wa mpingo. Ndinalawa n'kumva kuti likuluma pakhosi.

"Likuwawa bwanji chonchi?"

"Lagona m'njira, mukudziwa kutentha kwa m'basi. Dikirani ndithiremo shuga."

Ndinamwa kapu, n'kuwonjezera ina, m'mimba mulibe kanthu. Iye sanamwe. Anati m'mimba mwamutsegula ndi mantha a mayeso, ndipo ine wopusa ndinamumvera chisoni.

Nditauzira m'kamakina kaja, kanayaka kofiira. Aphunzitsi athu, mayi wabwino ndithu, anandidikiritsa pang'ono n'kundiuziritsanso. Kofiira. Ndinati ndamwa thobwa lokha, afunseni achimwene anga awa. Anamuitana Lakisoni. Anandiyang'ana m'maso momwemu n'kunena kuti, "Thobwa lanji? Ine sindikudziwapo kanthu. Komatu aphunzitsi, poti mwandifunsa, aka si koyamba."

A njanji sindiwada. Lamulo lawo ndi labwino, ndipo lero ine ndemwe ndingamubweze munthu amene kamuyakira kofiira. Anandichotsa tsiku lomwelo, malo aja anatenga Lakisoni.

Mbiri inafika ku Bowe ine ndisanafike. Ababa anandifunsa kamodzi kokha. "Esinati, unamwa?" Ndinati, "Ababa, ayi." Sanandikhulupirire. Iwo anali mphunzitsi, ankakhulupirira kuti makina sanama. Akulu a mpingo anandidula, ababa anatula pansi udindo wawo chifukwa cha manyazi, ndipo kuchitsime amayi ankasiya nkhani ndikafika. Ndinathawira kuno ku Mponela kudzasankha fodya. Tsiku lina mnzanga anandipatsa botolo, ine n'kunena mumtima kuti dzina ndili nalo kale, ndikusungiranji pakamwa?

Zotsatirazo mukuzidziwa, sindichedwapo. Ndinayamba ndi wa m'mabotolo, ndinatsikira ku kachasu. Ntchito ya fodya inatha. Zovala zabwino zinapita, foni inapita, ulemu unapita. Ndinagona ndi amuna amene mayina awo sindiwadziwa. Ndinagonapo m'ngalande mvula ikugwa. Ababa atadwala ananditumizira uthenga, sindinapite. Atamwalira ndinapita, koma ndinafika nditaledzera, ndikuimba nyimbo ya m'shabini. Amayi a mumpingo anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundikhazika pamenepo mpaka maliro anatuluka. Nkhope ya ababa sindinaione.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene zinatembenukira.

Inali nyengo yotentha, masana dzuwa lili paliwombo. Ndinakhala pansi pafupi ndi chiwaya cha nyama m'mbali mwa msewu waukuluwu, patapata kuphazi limodzi, matsire akundipha. Ndinkadikira aliyense woti andigulire. Panaima galimoto ya pikapu, munatuluka amuna ovala zaolenji, ndipo kutsogolo kunatsika Lakisoni. Anali atanenepa, khosi litapindika. Ndinamva pambuyo pake kuti anali atachoka ku zizindikiro n'kukhala kapitawo wa gulu lokonza njanji, ndipo tsikulo ankapita kwawo kukaonetsa anzake nyumba imene ankamanga. Ndinayesa kubisa nkhope ndi chitenje, koma anali atandiona kale.

"Iii, achemwali! Ndinu amene?"

Anatembenukira kwa anyamata ake.

"Tabwerani mudzaone. Si uja ndinkakuuzani uja? Amene ankati ine ndinamuthirira kachasu m'thobwa. Muoneni nokha, mundiuze wabodza ndani."

Anaseka onse. Koma ine khutu langa linagwira mawu amodzi. Kachasu. Ine sindinatchulepo kachasu kwa munthu aliyense. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti mwina thobwa lija linangosasa lokha m'njira, ndipo Lakisoni anakana chifukwa cha mantha. Ngakhale m'kuledzera kwanga ndinkamupezerabe chifukwa. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti anachita dala.

Analowa m'bala, anatuluka ndi botolo, anadzaliika pamapazi panga ngati akupereka chopereka. Kenako anawerama, fungo la nyama yootcha lili m'kamwa, n'kundinong'oneza kuti anzake asamve.

"Ine ndinangothira kamodzi, achemwali. Zinazi mwathira nokha."

Anakwera pikapu. Ine ndinatsala ndi botolo lija m'manja, pakhosi pakuitana. Abale anga, sindinamupsere mtima munthu ngati mmene ndinapsera masana amenewo. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ananena zoona. Iye ananama tsiku limodzi, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri kusandutsa bodza lakelo kuti likhale choonadi. Botolo lililonse limene ndinamwa linkamuikira iye kumbuyo. Ababa anapita kumanda atatsimikiza ndi maso awo kuti Lakisoni ndiye ankanena zoona. Ndinali wantchito wake wa Lakisoni, wopanda malipiro, ndipo botolo linali m'manja mwangali linali loti ndipitirize ganyuyo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada n'kupemphera. Ayi. Ndinaimirira n'kuligenda botololo kulondola pikapu ija. Linaswekera pa tala, kondakitala wa minibasi n'kunditukwana mpaka makolo anga. Ndinalumbira pomwepo kuti Lakisoni sadzandionanso nditakhala pansi, ndipo tsiku lina adzanditchula dzina langa mwaulemu, afune asafune.

Kulumbira n'kosavuta, aliyense muno analumbirapo m'mawa wa matsire. Ndikuuzeni zimene ndinachita.

Ndinachoka pa Mponela tsiku lomwelo, chifukwa pano mwala uliwonse unkandidziwa. Ndinapempha lifiti ya lole mpaka kumapiri a Ntchisi, kwa azakhali anga aNambewe, mlongo wawo wa ababa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda patapata lija.

"Wabwera kudzafa kapena kudzachira?"

"Kudzachira, azakhali."

"Ndiye kasambe, ukununkha. Mawa tipita kuchipatala."

Apa ndikupempheni, inu amene mwamwa nthawi yaitali, musasiye nokhanokha m'nyumba. Thupi limalusa. Ine ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona nyerere zikuyenda pakhoma pomwe panalibe nyerere. Achipatala anandipatsa mankhwala, ndipo azakhali sanandisiye ndekha ngakhale popita kuchimbudzi. Kupita kuchipatala si manyazi, manyazi tinawasiya kale m'ngalande.

Nditalimba, azakhali anandipatsa khasu. Munda wawo wa mbatatesi uli pamtsetse woti ukaponya dengu umakalitola kumtsinje. Chilakolako chikabwera, ndipo chinkabwera tsiku lililonse chakumadzulo, ndinkatchula dzina la Lakisoni n'kukhapa nthaka. Mizere ya chaka chimenecho inali yakuya, anthu ankabwera kudzaona. Azakhali anati, "Mwana iwe, mkwiyo wakowu ukanakhala feteleza, bwenzi tili olemera." Ndalama sankandigwiritsa, kumsika sindinkapita ndekha, ndipo kukakhala mowa wa m'mudzi tinkadzera njira ina.

Ndinayambanso kukumbukira malamulo a njanji. Ndinadabwa kuti kachasu anadya zambiri m'mutu mwanga koma amenewo anawasiya. Ndinadula chitenje chofiira ndi chobiriwira n'kumangirira kutimitengo. Azakhali ankanyamula dengu n'kukhala sitima, ine n'kumawaimitsa pamzere. Ankadutsa dala pa chofiira kuti aone ngati ndikalipa, ndipo ndinkakalipadi. Kumpingo ndinalowa kalasi ya obwerera, ndinakhala pamodzi ndi ana oti ndikanawabereka, mpaka anandibwezera pa mgonero.

A njanji atalengezanso malo, ndinalembera. Anandikana. Ndinalira, ndinakalima, sindinamwe. Atalengezanso ulendo wina, ndinalemberanso, ndipo anandiitana. Bambo wina wa imvi pa gulu lofunsa mafunsolo anati, "Mayi, apa zikuonetsa kuti munachotsedwa chifukwa cha mowa."

Ndinati, "Inde bwana. Tsiku limenelo ndinamwa ndisakudziwa, koma pambuyo pake ndinamwa ndikudziwa, ndipo ndinamwa kwambiri. Ndinasiya. Achipatala ndi abusa angakuuzeni. Muzindiyeza m'mawa, masana, nthawi iliyonse imene mwafuna."

Dzina la Lakisoni sindinalitchule. Si chifukwa cha chifundo ayi. Ndinalibe mboni, ndipo ndinkafuna kuti ndidzamupeze ndekha.

Ananditenga, koma ndinayambira pansi penipeni, kupaka girisi mapoyinti ndi kuzula udzu m'mbali mwake. Ndinabwerezanso maphunziro onse, kenako miyezi yambiri ndikugwira pansi pa munthu wodziwa, mpaka anandilola kukhala ndekha pa siteshoni. Achinyamata muli munomu, ntchitoyi ilipo ndipo ndi yabwino. Imafuna satifiketi ya fomu folo, Chingerezi chomveka pa wayilesi, maso ndi makutu abwino, ndi mutu wosatopa ndi kudikira. Mayeso satha, amakuyezaninso nthawi ndi nthawi. Ukalimbikira umachoka pa mapoyinti n'kuyang'anira siteshoni, ena amafika ku ofesi yaikulu kumene amayendetsa sitima za njanji yonse, ena amakhala aphunzitsi. Koma siigwirizana ndi botolo, ngakhale la pa Khirisimasi.

Ananditumiza pa kasiteshoni kakang'ono kumunsi kwa mapiri a Mvera. Kumtunda kwake njanji imadutsa pampata wokumbidwa m'phiri, khoma la miyala uku ndi uku. Sitima ikakupeza mmenemo palibe kothawira. Mvula ya chaka chatha inagumula dothi mumpatamo, ndipo anatumiza gulu lokonza. M'mawa mwake wayilesi yanga inalira, ndipo mawuwo ndinawadziwa asanamalize moni, anali a Lakisoni.

Pamene anthu akukagwira ntchito pa njanji, kapitawo wawo amapempha wa pa siteshoni kuti atseke njira. Amapempha yekha ndi pakamwa pake, ndipo chilichonse chimene wa pa siteshoni wanena, kapitawo amachibwereza liwu ndi liwu. Wayilesiyo si ya anthu awiri. Madalaivala, masiteshoni ena, ndi a ku ofesi yaikulu, onse amamva.

Ndinayankha, "Ndakumvani akapitawo. Mukulankhula ndi Esinati Mbewe, woyang'anira siteshoni. Nenani pempho lanu."

Kenako kunabwera mawu a munthu wina, mmodzi mwa antchito ake, akuyesa kupempha m'malo mwake. Ndinati, "Pepani bambo, lamulo likuti kapitawo alankhule yekha."

Analankhula. Mawu ake anali aang'ono ngati a munthu amene wagwidwa m'munda wa eni. Ndinamuuza malire a malo amene ndatseka, iye n'kubwereza momeza mawu. Ndinati, "Sizinamveke, bwerezani." Anabwereza n'kulakwitsa nambala ya mtunda. Ndinati, "Mwalakwitsa akapitawo, bwerezani." Sindinamuonjezere kanthu kopanda lamulo, koma ndisakunamizeni, ndinamva kukoma mpaka kuzala za kumapazi.

Nthawi yomweyo pa siteshoni yanga panali pataima sitima ya katundu, mabogi odzaza, injini ikulira, ikudikira kukwera phiri lomwelo. Ndinakhoma loko pa mapoyinti, kiyi n'kukoloweka m'khosi, mbendera yofiira n'kuzika kutsogolo kwa injini. Yobiriwira inali patebulo. Ndinaiyang'ana, abale anga. Satana sanavutike n'kundinong'oneza, maganizowo anali anga omwe. Dzanja limodzi, kukweza kamodzi. Ndinaganiza za ababa, ndinaganiza za ngalande ija. Kenako ndinaganiza za amuna ena aja amene anali naye, amene ana awo sanandilakwire kanthu. Ndinaganizanso kuti anthu adzangoti chidakwa chija chapha anthu, ndipo Lakisoni adzakhala wolungama mpaka m'bokosi. Ndinaitenga mbendera yobiriwirayo n'kuitsekera m'kabati.

Iye kumeneko mtima sunali m'malo. Anaimbanso kufunsa ngati sitima yaimadi. Ndinati yaima. Anaimbanso kachiwiri. Ulendo umenewo, chifukwa cha mantha, chala chake chinakanirira pa batani la wayilesi, ndipo njanji yonse inamva zimene zinkakambidwa pakhomo la mpata uja. Wantchito wina wachikulire ankamufunsa.

"Akapitawo, kodi mayi ali pa siteshoniwa si aja munationetsa pa Mponela? Munkati ndi chidakwa chobadwa nacho. Ndiye ife tilowe mumpatamu pa mawu awo? Ine ndili ndi ana, sindilowa."

Ena anavomereza. Ntchito inaima, a ku ofesi akumva, sitima ikudikira. Lakisoni anali ndi njira ziwiri, kunena kuti ndine chidakwa n'kufotokozera mabwana chifukwa chake akukana wa pa siteshoni amene iwo anamuvomereza, kapena kumeza zimene analavula. Ndinaimirira ndi wayilesi kukhutu.

"Lowani," anatero Lakisoni kwa antchito ake. "Zija zisiyeni, ndinkangolankhula. Mayi Mbewe akati atseka, atseka. Ndiyamba ndine kulowa."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Atatuluka onse anandiimbira, anabwereza mawu anga bwinobwino, ndipo ndinatulutsa sitima. Dalaivala podutsa analiza hutala nthawi yaitali kuposa mmene lamulo limafunira.

Abusa, ndikuona mukundiyang'ana, mukudikira kuti ndinene kuti ndinamukhululukira. Sindinafike pamenepo, muzindipempherera. Gulu lake limabwerabe kudera langa, amaika moyo wake m'manja mwanga, ndipo ine ndimamubweza kwa mkazi wake ali wamoyo. Ndamva kuti wapempha kuti amusamutse. Asamuke, njanji ndi imodzi.

Koma inu anzanga, musandiombere m'manja msanga. Mawu aja a Lakisoni anamveka ku Salima, anamveka ku Lilongwe, anamveka mu injini iliyonse imene inali pa njanji tsiku limenelo. Munthu mmodzi yekha amene ndinkafuna kuti awamve wagona ku Bowe, ndipo kumeneko wayilesi siifika. Ndinachedwa ndi zaka zimene ndinamwa. Ngati alipo wina kwanu amene akudikirabe kuti akuoneni muli bwino, ndipo akadapuma, musatuluke muno n'kukhotera kuseri kwa msika.